Ndiwo za Pakhomo ndi Maluwa a m'Thengo

Mwezi uno wa November zitsime za ku dimba zirikuphwa, ndipo mvula ikakhazikika dambo lidzadzala madzi. Munthu wodalira dimba lokha adzasowa ndiwo mu January. Chifukwa chache konzani kamunda kuseri kwa nyumba tsopano lino.

Ungani mizere yaitali kuti madzi asaime, ndipo muthiremo manyowa a m'khola obvunda bwino. Aawisi aocha mbeu. Mpiru, therere, maungu ndi khobwe zikula bwino m'dzinja. Matimati ndiwo abvuta, pakuti masamba ache apserera ndi chinyezi. Muwamangirire ku timitengo, ndi kuchotsa masamba onse okhudza dothi. Mpanda musauiwale, mbuzi sizidziwa mwini munda.

Popita kumunda yang'anani m'thengo. Chizimalupsa chitagwa, pamatuluka duwa lofiira lobulungira ngati mpira, kawirikawiri masamba ache asanaphuke. Nlokongola ndithu, koma tsinde lache la pansi, longa anyezi, liri ndi ululu woopsa. Auzeni ana aliyang'ane ndi maso okha, asalikumbe.

Maluwa ena ndiwo ndiwo zathu zomwe. Luni, wa timaluwa toyera, amera yekha pa dzala ndi pa khola lakale pamodzi ndi bonongwe. Amai ambiri athyola wonse asanachite maluwa. Siyaniko mitengo iwiri kapena itatu ikhwime, ndipo zikhokombe zache zikauma, musunge njerezo m'nsupa pamodzi ndi phulusa. Chaka chamawa mudzazifesa pa mzere monga mufesera mpiru, osataya ndalama ku sitolo.