Skjold, Sitima Yankhondo Yokwera pa Mpweya

Asilikali apamadzi a dziko la Norway ali ndi sitima zisanu ndi imodzi za mtundu wa Skjold, zomwe zili m'gulu la sitima zankhondo zaliwiro kwambiri padziko lonse. Nyanja ikachita bata, zimathamanga makilomita 110 pa ola. Poiona siopsa konse: m'litali ndi mamita 47.5, ndipo imalemera matani 274 okha.

Chinsinsi cha liwiroli chili kunsi. Sitimayi ili ndi mimba ziwiri, uku ndi uku, pakati pali mpata wotsekedwa ndi mphira kutsogolo ndi kumbuyo. Mafani akuluakulu amapopera mpweya mumpatamo mpaka sitima yonse kutukuka, n'kutsala pafupifupi mita imodzi yokha m'madzi. Ikatero madzi saikoka kwambiri, ndiponso imadutsa bwinobwino posaya pomwe zinzake zingatitimire. Ilibe mapulopela, injini zake zimayamwa madzi n'kuwalavulira kumbuyo mwamphamvu.

Kampani ya Umoe Mandal sinaipange ndi chitsulo, koma ndi faibagalasi ndi ulusi wa kaboni. Makoma ake ndi opendekeka dala, kuti rada ya adani ivutike kuiona. Ngakhale mizinga yake isanu ndi itatu ya Naval Strike Missile, yopangidwa ndi kampani ya Kongsberg, imabisidwa m'kati chakumbuyo, ndipo imatuluka pokhapokha nthawi yowombera ikakwana. Mzinga umodzi umafika patali kuposa makilomita 185, ukuuluka chokwawa pamwamba pa mafunde. Mu 2013 anauyesera pa sitima yakale yotchedwa Trondheim, ndipo unaiphwasula koopsa. Kutsogolo kwa Skjold kuli mfuti ya mamilimita 76.

Nzeru yopachika mizinga ikuluikulu pa kaboti si yatsopano: mu 1967 maboti a Egypt anamiza motero sitima ya Israel yotchedwa Eilat. Anthu a ku Norway anangoisokera nzeruyi pa gombe lawo, lodzaza zilumba ndi nyanja zolowerera m'mapiri. Kumeneko Skjold imabisala, kuluma ngati mavu, n'kuthawira kuseri kwa chilumba china.

Yoyamba inayamba ntchito mu 1999, ndipo mu 2001 asilikali a ku America anaibwereka kuti aiphunzire. Zisanu zinazo, Storm, Skudd, Steil, Glimt ndi Gnist, zinabwera pakati pa 2010 ndi 2012. Zonse zimakocheza ku Haakonsvern, pafupi ndi mzinda wa Bergen. Kufooka kwa Skjold n'kwakuti mafunde akakula liwiro limatsika, ndipo mafuta ake salola ulendo wautali pakati pa nyanja.