Mfuti za ku Libya zidakalira ku Mali

Muammar Gaddafi ataphedwa mu Okutobala 2011, Atuareg amene ankamumenyera nkhondo ku Libya adabwerera kwawo kumpoto kwa Mali atanyamula mfuti. Mu Januwale 2012 gulu lawo la MNLA lidaukira boma, ndipo pa 6 Epulo lidalengeza dziko lakelake, Azawad.

Chimwemwecho sichidakhalitse. Magulu a jihad monga Ansar Dine, amene ankamenya nawo boma, sankafuna dziko latsopano ayi, koma malamulo a Sharia. Pakutha pa Juni adali atawalanda mizinda ya Gao ndi Timbuktu. Mabanja zikwizikwi adathawira ku Mauritania, Niger ndi Burkina Faso.

Amene adathawapo nkhondo kuwoloka malire akudziwa: nkhondo ikatha mfuti siziwola, zimangosintha mwini.