Makolo ali moyo, koma ana a ku Milange akudzilera okha

Nyengo yokolola ikafika, msewu wochokera m'tauni ya Milange ku Mozambique kupita kuchipata cha Muloza umadzaza njinga zosenza matumba a chimanga ndi nandolo opita ku Malawi. Pachitunda mumaona kamnyamata kakukankha njinga ya mwini, anzake ali m'kalasi. Kakapata timakobidi, kaya ndi metikali kaya kwacha, ndiye kuti kwawo moto uyaka.

Ena mwa ana amenewa si amasiye. Bambo alipo, koma dzuwa limamulowera kukachasu, kapena anawoloka n'kukakwatira ku Mulanje. Mayi ali kubanja lina, kumene mwamuna safuna kuona mwana wa mnzake pakhomo. Mwanayo amagona kwa agogo okalamba, ndipo iyeyo ndi amene akuwadyetsa.

Nanga makolo amenewa anawalera ndani? Mu 1986 asilikali a Renamo analanda Milange, anthu n'kuthawira ku Mulanje. Pa zaka za nkhondo yapachiweniweni imeneyo dziko la Malawi linasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi, mpaka mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ana a nthawi imeneyo anakulira m'misasa, ena ataona makolo awo akuphedwa. Pobwerera anapeza minda ya tiyi ya m'munsi mwa phiri la Tumbine, imene inkalemba anthu ntchito, itawonongeka. Ndi iwowa amene lero ali makolo ndi agogo. Ine ndimawamvera chisoni kwambiri, komabe mwana wogona ndi njala sanamenye nawo nkhondoyo, ndipo sayenera kuilipira.

Kale chikamwini chinali ndi pogwira. Mkamwini akathawa, ana ankatsala pamudzi pa mayi awo, mwinimbumba n'kuwayang'anira. Lero amalume nawonso dzanja lalemba, makamaka chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anakokolola minda ndi nyumba mbali zonse ziwiri za malire.

Mtsikana ndiye amalawa zowawa. Pakhomo pakasowa ndiwo ndi sopo, akuluakulu amayamba kunena kuti mwanayu wakula, apite kubanja. Kafukufuku wa mu 2011 anapeza kuti pafupifupi theka la atsikana a ku Mozambique ankakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Mu 2019 boma linakhazikitsa lamulo loletsa maukwati otere, ndipo limalanga ngakhale kholo lopereka mwanayo. Palinso nambala yaulere ya 116, Linha Fala Criança, yofanana ndi ya ana ku Malawi. Koma tangoganizani: mwana wa zaka 14 abwereke foni kwa mnansi kuti aneneze mayi wake womubereka, kenako madzulo akadye mbale imodzi ndi mayi yemweyo. Mtolo umenewu si woti asenze mwana. Ndi wa mfumu, mphunzitsi ndi mkulu wa mpingo, amene amaona zonse mwana asanatuluke m'mudzi.

Chimene chimandiwawa koposa ndi malire enieniwo. Chimanga chimawoloka tsiku ndi tsiku, bambo wothawa ana amawolokanso pa kabaza popanda womufunsa. Mayi akakadandaula kubwalo la mfumu kapena kukhoti ku Milange, chigamulo chimathera pa Muloza, bamboyo ali tsidya linalo akuyamba banja latsopano.