Matabuleti m'sukulu za pulayimale: ana akuphunziradi, kapena n'zoseweretsa basi?

Sabata yatha pa gulu lathu la WhatsApp la ana a ku Dowa ndi Ntchisi panabuka mkangano. Wina anaponya chithunzi cha tiana titakhala pamkeka, aliyense tabuleti pamiyendo, mahedifoni m'makutu. Ena anayamba kuombera m'manja kuti Malawi watukuka. Ena anakwiya, amvekere ana ambiri akuphunzirabe pansi pa mtengo, ndalama zogulira matabuleti bwanji osamangira makalasi.

Ine ndinayamba ndakhala chete, chifukwa nkhani yophunzira pa makina inandiwotchapo. Sukulu zonse zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha Covid-19, ndinanyamula chikwama ku yunivesite n'kubwerera kumudzi ku Ntchisi. Manotsi ankabwera pa foni. Kuti netiweki igwire ndimayenera kukwera kachitunda kuseri kwa nyumba, foni m'mwamba ngati ndikuitana mvula. Kutchaja kunali kumsika, kolipira. Bandulo ikatha, sukulu yatha. Digiri ija sindinaimalize, ndipo chachikulu chinali fizi, koma miyezi imeneyo inandisiya ndi funso: kodi makinawa amaphunzitsadi munthu? Ndakhala ndikuwerenga zomwe ochita kafukufuku anapeza, ndiye lero tiyeni tikambirane.

Matabuletiwa akuchokera kuti?

Pulogalamu ya boma yomwe ikubweretsa matabuleti m'sukulu za pulayimale imatchedwa BEFIT. Inayamba mu 2023 ndi sukulu 500, ndipo Unduna wa Zamaphunziro ukugwira ntchitoyi ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO. Cholinga chake n'kufikira sukulu zonse za pulayimale za boma, zomwe zilipo pafupifupi 6,000, makamaka ana a Sitandade 1 mpaka 4. Kutanthauza kuti kaya mng'ono wanu ali ku Malomo, ku Mvera kapena ku Madisi, nkhaniyi ikumukhudza.

M'matabuletiwa mulibe Facebook kapena TikTok, ndipo safuna bandulo. Muli pulogalamu ya onebillion yophunzitsa kuwerenga, kulemba ndi masamu, yomwe imalankhula ndi mwana m'Chichewa. Mwana akalakwitsa imamuuza pomwepo, ndipo amayenda pa liwiro lake. Ana amasinthana matabuletiwo, gulu lililonse mphindi ngati 30, kenako amakatchajidwa ndi sola.

Vuto lomwe akufuna kuthana nalo si lamasewera. Kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse a zaka 7 mpaka 14 m'Malawi muno, 19 okha ndi amene ankatha kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamvetsa. Ku masamu anali 13 okha. Mukudziwa nokha mmene Sitandade 1 imadzadzira. Mphunzitsi mmodzi, ana mpaka 100 kapena kuposa, choko chimodzi. Ngakhale akhale wakhama bwanji, sangamve mwana aliyense akuwerenga.

Tingadziwe bwanji kuti chinthu chikugwira ntchito?

Apa ndiye pagona nkhani, aise. Chithunzi cha ana akumwetulira si umboni. Ngakhale kunena kuti ana akhoza bwino pakutha pa chaka si umboni wokwanira, chifukwa mwana amakula ndipo amaphunzira zina ndi zina ngakhale tabuleti palibe. Ochita kafukufuku amachita chonchi: amatenga ana a msinkhu umodzi, n'kuwagawa m'magulu mwa maere. Gulu lina limalandira chinthu chatsopanocho, lina limapitiriza mwa masiku onse. Onse amayesedwa poyamba ndi pomaliza. Kusiyana komwe kwatsala pakati pa maguluwo ndi komwe tinganene kuti kwabwera ndi chinthucho.

Izi zinachitika kwathu konkuno. Mu 2013, Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anachita kafukufuku wotere pa sukulu ya pulayimale ya Biwi ku Lilongwe, ndi ana oposa 300 a Sitandade 1 mpaka 3. Chomwe chinandisangalatsa n'chakuti anapanga magulu atatu. Loyamba linkagwiritsa ntchito pulogalamu ya masamu pa tabuleti mphindi 30 patsiku kwa masabata 8. Lachiwiri linapatsidwanso matabuleti, koma opanda masamuwo. Lachitatu linkangophunzira m'kalasi ngati kale. Mwaona nzeru yake? Ankafuna kudziwa ngati chothandiza ndi tabuletiyo kapena zomwe zili mkati mwake. Zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa mu 2015, zinaonetsa kuti ana a Sitandade 2 ndi 3 omwe anali ndi pulogalamu ya masamu ndi amene anapita patsogolo kuposa anzawo. Kungogwira tabuleti sikunapange mwana kukhala katswiri wa masamu.

Pambuyo pake a Imagine Worldwide anachitanso kafukufuku wa miyezi 8 ndi ana a Sitandade 2 m'chaka cha sukulu cha 2018/2019, ndipo anapeza kuti ana omwe ankagwiritsa ntchito pulogalamuyi anaposa anzawo pa kuwerenga. Mu 2019 onebillion inali imodzi mwa magulu awiri omwe anapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE, pulogalamu yawo itayesedwa m'midzi ya ku Tanzania. Ndiye amene akuti zonsezi n'zoseweretsa basi, umboni ukuwatsutsa.

Koma musathamange kuvina

Dziko la Peru linagulira ana a m'sukulu za kumidzi malaputopu ambirimbiri kudzera mu pulogalamu ya One Laptop per Child. Akatswiri a Inter-American Development Bank atayesa sukulu zoposa 300 patatha miyezi 15, anapeza kuti anawo ankadziwadi kugwiritsa ntchito kompyuta, koma pa mayeso a masamu ndi chiyankhulo sanasiyane ndi anzawo omwe analibe malaputopu. Makina anafika, koma sanalumikizidwe bwino ndi zomwe mwana amayenera kuphunzira tsiku ndi tsiku.

Chinanso, zomwe zayenda bwino pa sukulu imodzi kapena ziwiri, ofufuza ali pompo kuyang'anira, sizidziyendera zokha zikafika pa sukulu 6,000. Ganizirani za kwathu kuno. Mvula ikagwa misewu ya kumapiri imaterera ngati therere. Tabuleti ikasweka kapena batire ya sola ikafa pa sukulu ya kutali ndi Boma, wokonza afika liti? Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zomwe zinkaunikira magetsi, ndiye sola ikafa palibe kothawira. Nanga mwana amene wajomba sabata yonse chifukwa cha njala kapena ganyu ya fodya? Tabuleti yake ili m'bokosi, iye ali kumunda.

Phunziro lomwe lili pakhomo pathu, ku Dzaleka

Kwa ife akuluakulu omwe timafuna kuphunzira pa intaneti, chitsanzo chabwino chili pafupi ndi Boma la Dowa. Msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka unatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe kale panali ndende, ndipo lero muli anthu oposa 50,000. Mu 2010, pulogalamu yomwe lero imadziwika kuti Jesuit Worldwide Learning inayamba kuphunzitsa kumeneko dipuloma ya pa intaneti mogwirizana ndi Regis University ya ku Denver, ku America. Taonani, 2010, ambirife tisanagwirepo foni ya intaneti.

Kachitidwe kake ndi komwe kali ndi phunziro. Wophunzira sapatsidwa linki n'kuuzidwa kuti zako izo. Pali malo ophunzirira okhala ndi makompyuta ndi magetsi, pali nthawi yake yobwera, pali anzake omwe akuchita maphunziro omwewo, komanso pali munthu pompo womuthandiza pamene mphunzitsi ali kutali. Amene Chingerezi chikumuvuta amayamba wakonza chimenecho. Mumsasa momwemo mulinso TakenoLAB, yomwe anayambitsa Remy Gakwaya wochokera ku Burundi, komwe achinyamata amaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta ali pamodzi.

Yerekezani zimenezi ndi maphunziro aulere a pa intaneti omwe munthu amalembetsa ali yekha. Mu 2019, Justin Reich ndi José Ruipérez-Valiente anasanthula maphunziro a Harvard ndi MIT pa edX, n'kupeza kuti m'chaka cha 2017/2018 anthu pafupifupi 3 okha pa 100 aliwonse ndi amene anamaliza. Nditawerenga zimenezo ndinaseka ndekha. Inenso ndili ndi makosi angapo omwe ndinalembetsa ndi moto, n'kuthera pa vidiyo yachiwiri. Si ulesi wokha ayi. Kuphunzira wekha, popanda wokufunsa kuti wafika pati, n'kovuta kulikonse, ngakhale kumene intaneti ili mbwee.

Ndiye titani?

Zonsezi zikaikidwa pamodzi zikunena chinthu chimodzi. Makina amathandiza pamene mkati mwake muli phunziro lokonzedwa bwino m'chiyankhulo chomwe wophunzira akumva, pamene pali nthawi yokhazikika tsiku ndi tsiku, pamene magetsi alipo, komanso pamene pali munthu pafupi. Chimodzi chikasowa, tabuleti imasanduka galasi lodula.

Choncho matabuleti akafika pa sukulu ya kwanu, musangojambula selefi. Pitani ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, kapena tumani amayi anu akafunse: kodi mwana aliyense akugwira tabuleti kangati pa sabata? Angati awonongeka, ndipo akonzedwa liti? Sola ikugwira? Usiku akuwalonda ndani? Madzulo muitaneni mng'ono wanuyo, mum'patse buku lake la Chichewa, akuwerengereni mizere itatu. Chitaninso chimodzimodzi pakutha pa teremu. Kafukufuku wanu ndi ameneyo, ndipo safuna bandulo.

Kwa amene ankati ndalamazo akanamangira makalasi, sindikukutsutsani kuti makalasi ndi aphunzitsi akufunika. Ngakhale kafukufuku wa ku Biwi uja anachitikira pa sukulu, aphunzitsi akuyang'anira anawo. Koma mwana amene ali Sitandade 2 lero sangadikire mpaka makalasi onse atamangidwa kuti adziwe kuwerenga.

Ndipo inu amene mukufuna kuyamba kosi pa foni, musayambe nokha. Pezani anzanu awiri kapena atatu, sankhani tsiku ndi malo pomwe netiweki imagwira, dawunilodani zonse kamodzi n'kugawana, ndipo muzifunsana mwafika pati. Ine ndi anzanga awiri tayamba zimenezi Loweruka lililonse ku Mponela. Tafika sabata yachisanu, ndipo aka n'koyamba kuti ndidutse vidiyo yachiwiri.

Nanga kwanuko matabuleti anafika? Akugwira ntchito kapena ali m'bokosi? Tiuzeni m'munsimu, dzina la mwana kapena la mphunzitsi osatchula.