Overdrive: kabokosi kokometsa gitala kamene kamafuna kusankha bwino

Pa ukwati ku Nchalo kapena m'tchalitchi ku Bangula, mukaona woimba gitala ya magetsi akuponda kabokosi kakang'ono pansi, mawu a gitala n'kukhuthala nthawi yomweyo, nthawi zambiri kameneko ndi overdrive. Achinyamata oimba amakalakalaka kwambiri, koma ena amangogula kalikonse kamene apeza ku Limbe, kenaka n'kumadandaula kuti gitala ikulira ngati chigayo.

Zimene zimachitika m'katimo si zovuta kumvetsa. Nsambo ikanjenjemera, maginito a pagitala amatulutsa mphamvu yochepa ya magetsi yoyenda m'mafunde okwera ndi otsika. Kabokosika kamakuza mafundewo, kenaka tizipangizo totchedwa diode timadula nsonga zake. Nsonga zikadulidwa, pamwamba pa liwu la nsamboyo pamabadwa timawu tina toonjezera, ndipo liwulo limachedwa kuzilala. Overdrive amadula mofewa, kabokosi kena kotchedwa distortion kamadula kwambiri, pamene kotchedwa fuzz kamachita kuphwanyiratu. Kale mawu a overdrive ankatuluka makamaka ampulifaya ya mavalavu itakwezedwa mpaka kumapeto. Kampani ya Boss itatulutsa OD-1 mu 1977, ndipo Ibanez itabweretsa Tube Screamer TS808 mu 1979, oimba ambiri anayamba kuwapeza popanda kugonthetsa anthu m'khutu.

Timabokosi timeneti si tofanana. Tube Screamer amachepetsa mawu a besi n'kukweza apakati, cha pa 700 Hz, n'chifukwa chake gitala imamveka bwino pakati pa kiyibodi ndi ng'oma. Boss BD-2, ya mu 1995, imasiya besi ndi mawu akuthwa ochuluka, ndipo imatsata dzanja: mukakhwatcha pang'ono imalira moyera, mukamenya nsambo mwamphamvu imakhakhala.

Ine ndimaona kuti nyimbo zathu zimafuna drive wochepa. Gitala ya sungura, ya rumba, kapena yotsata kuthamanga kwa valimba ya Asena, kukoma kwake n'kwakuti liwu lililonse limveke palokha. Drive akachuluka, nsambo zitatu kapena zinayi zikalira pamodzi mawu ake amasakanikirana n'kusanduka phokoso. Pa mabatani a kabokosika, yambani ndi wa drive (wokhuthalitsa mawu) ali pansi, mukweze wa level (voliyumu), wa tone (kuthwa kwa mawu) mumalizire.

Nyengo ya kuchigwa nayo ili ndi mbali yake. Ku Ngabu mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo timabokosi tachikale tokhala ndi tizipangizo ta germanium, makamaka ta fuzz, timasintha kamvekedwe tikatenthedwa. Ta silicon sititekeseka kwenikweni. Tambiri timadya magetsi a 9V, ndipo pa Boss ndi Ibanez kachitsulo kapakati pa pulagi kamakhala ka negetivu, choncho adaputala yongotola ya wailesi ikhoza kuwotcha kabokosiko. Overdrive amakuzanso kung'ung'udza kochokera ku jenereta kapena ku adaputala yotchipa. Zikatero batire ndilo limathandiza, bola muzizula chingwe cha gitala mukatha kuimba, chifukwa chikakhala cholowetsa batire limangodyeka.

Nkhani yaikulu ndi makutu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti munthu wamkulu angamve phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata osavulala, koma likafika 90 maola ake ndi 4 okha. Woimba amene waima pafupi ndi sipika usiku wonse amadutsa malire amenewa mosazindikira, ndipo timaselo ta m'khutu tikafa sitibwereranso. Apa overdrive wosankhidwa bwino amathandiza, chifukwa gitala imamveka popanda kulimbana ndi woimba kiyibodi pokweza voliyumu.

Popita kukagula, nyamulani gitala yanu, muyese kabokosiko pa ampulifaya yofanana ndi imene mumaimbira, ndiponso pa nyimbo zimene mumaimbadi. Ndipo ngati makutu akupitiriza kulira m'mawa mutachoka koimba, musazengereze, pitani kuchipatala akakupimeni.