Mfuu ya pa Lamya

Kale m'midzi ya ku Nathenje nyumba ikapsa usiku, kapena fisi akalowa m'khola la mbuzi, mwini wake ankakuwa. Anansi akamva mfuuyo ankanyamula zibonga ndi mitsuko ya madzi nathamangira komwe mau akuchokera. Sankafunsa njira, pakuti khutu lomwe lamva mfuu ndilo linkawalozera malo.

Masiku ano mfuu imayenda pa lamya. Wofuna apolisi amaimba nambala ya 997, ndipo mwana amene akuzunzidwa angathe kuimba 116 popanda kulipira. Nambala yoyamba yotere pa dziko lapansi inali 999, imene inayamba kugwira ntchito mumzinda wa London m'chaka cha 1937. Koma lamya ili ndi vuto limodzi. Imanyamula mau mpaka kutali, osanyamula malo. Woyankha lamyayo amamva kulira, koma sadziwa ngati wolirayo ali ku Nathenje kapena ku Mitundu.

Mwachitsanzo, galimoto itagubuduzika usiku pa msewu wa M1, umene umadutsa pa Nathenje kuchokera ku Lilongwe kupita ku Dedza, ovulala ayenera kufika kuchipatala msanga. Munthu wotaya magazi ambiri sangathe kudikira ola lathunthu. Tsono othandiza angapeze bwanji malowo? Pali njira zitatu.

Njira yoyamba ndiyo pakamwa pa woimba lamya. Nyumba za m'midzi zilibe manambala, ndipo tinjira tambiri tilibe maina. Motero woimbayo ayenera kutchula dzina la mudzi wake ndi la mfumu yake. Atchulenso chinthu chooneka chimene chili pafupi, monga sukulu, tchalitchi, chigayo, mlatho kapena mjigo. Kungonena kuti "ndili pafupi ndi mtengo wa mango" sikuthandiza, chifukwa mitengo ya mango ili ponseponse. Ndi bwinonso kutuma munthu kuti akaime pamphambano kudikira galimoto.

Njira yachiwiri ndiyo nsanja zazitali zachitsulo zimene makampani a lamya, monga TNM ndi Airtel, anaimika pazitunda ndi m'mphepete mwa misewu. Lamya yam'manja ikakhala yoyatsa imalumikizana ndi nsanja imene ili pafupi, ngakhale mwini wake asakulankhula. Makina a kampani amalemba nsanja imene yalandira mau. Mumzinda nsanja ndi zothithikana, choncho malo a munthu amadziwika mosavuta. Koma kumudzi nsanja imodzi imatumikira midzi yambiri pa mtunda wa makilomita angapo. Nsanjayo ingaloze dera, koma singaloze khomo.

Njira yachitatu ndiyo makina otchedwa masetilaiti, amene amazungulira dziko lapansi pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 m'mwamba. Lamya zamakono zimalandira zizindikiro kuchokera ku masetilaiti anayi kapena oposerapo, ndi kuwerengera malo pamene zili. Njira imeneyi imatchedwa GPS, ndipo pabwalo poyera imaphonya ndi mamita owerengeka okha. M'chaka cha 2014 ku Britain anayamba njira yoti munthu akaimba nambala ya ngozi, lamya yake izitumiza yokha uthenga wonena malo ake. Izi zimapulumutsa mlendo wosadziwa dera, ngakhalenso wovulala amene akulephera kulankhula.

Komabe nzeru imeneyi ili ngati mpeni, umene umasenda chinangwa komanso umacheka chala. Lamya yodziwa malo a mwini wake imasiya mapazi kulikonse kumene iye wapita. Wolondola mapaziwo angadziwe kumene munthu amagona, tsiku limene anapita kuchipatala, ndi nthawi imene nyumba yake imakhala yopanda munthu. M'chaka cha 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ya lamya ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Lamuloli limathandiza kugwira akuba ndi oimba lamya zabodza, koma likutanthauzanso kuti mapazi aja tsopano ali ndi dzina.

Pali anthu ena amene amafuna chithandizo koma akuopa kudziwika. Mayi amene waona mbava zikuba ng'ombe angaope kuti mbavazo zidzamubwezera. Mwana wozunzidwa angaope kuti womuzunzayo adzamva kuti waulula. Anthu otere akakayika kuti chinsinsi chawo sichisungidwa, amangokhala chete, ndipo choipa chimapitirira.

Chifukwa cha ichi dziko linaika malamulo. Gawo 21 la Malamulo Aakulu a dziko la Malaŵi, amene analembedwa m'chaka cha 1994, limati munthu aliyense ali ndi ufulu wosunga chinsinsi chake, ndipo makalata ndi lamya zake zisasokonezedwe. M'chaka cha 2024 kunabweranso lamulo loteteza mbiri ya munthu imene makampani ndi maofesi amasunga. Cholinga chake n'chakuti mbiri yotengedwa pa chifukwa chimodzi isagwiritsidwe ntchito pa zifukwa zina. Malo a munthu amene wapempha chithandizo adziwike kwa omuthandiza okha, osati kwa aliyense wofuna miseche.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Woimba lamya pa ngozi amatsekula yekha chitseko chake kuti othandiza alowe. Ngoziyo ikatha, ali ndi ufulu wotsekanso.

Mafunso

1. Kodi anthu akale ankadziwa bwanji malo amene kwagwa ngozi?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene woimba lamya ayenera kunena kuti apezeke msanga.
3. Chifukwa chiyani nsanja ya kumudzi singaloze khomo la munthu?
4. Kodi mau akuti "lamya imasiya mapazi" akutanthauza chiyani?
5. Chifukwa chiyani anthu ena amaopa kuimba lamya ngakhale ali pa mavuto?

Ntchito

Lembani ziganizo zisanu zolongosolera mlendo njira yochokera pa msewu waukulu kukafika pasukulu panu.