Za Ana Osaona ndi Osamva Amene Afuna Kuphunzira Udotolo

Nkhani ya mwezi uno ichokera kutali, ku dziko la America, komatu ifika pa khomo la ambiri a inu. Pakuti ndi mudzi uti umene mulibe mwana wosaona, kapena wosamva, kapena wopuwala miyendo? Ndikufunseni tsono: kodi munthu wosaona angathe kukhala dotolo, namapima odwala ndi kuwalembera mankhwala? Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kupukusa mitu. Dikirani pang'ono, mumve zimene zinachitika.

M'chaka cha 1888, mu mzinda wa Chicago, munabadwa mwana wa Ayuda osauka ochokera ku Poland, dzina lake Jacob Bolotin, ndipo anabadwa wosaona. Atatsiriza sukulu ya osaona anayenda khomo ndi khomo kugulitsa timalonda, kufikira anapeza ndalama zolipira sukulu ya udotolo. Mabuku a maphunziro amenewo sanali kupezeka m'zilembo zowerenga ndi zala, kotero ena anali kumuwerengera mokweza, iye namasunga zonse m'mutu. Anatsiriza m'chaka cha 1912, ali ndi zaka 24, nakhala dotolo wa matenda a mtima ndi a m'mapapo, kumene khutu ndi zala zigwira ntchito yaikulu koposa maso. Anamwalira m'chaka cha 1924 ali ndi zaka 36 zokha, ndipo pa maliro ake panasonkhana anthu ngati 5,000.

Wina angayese kuti pambuyo pake khomo linakhala lotseguka. Iai. Panapita zaka ngati 60, ndipo David Hartman, amene anasiya kuona ali ndi zaka 8, anakanidwa ndi masukulu a udotolo 9 asanalandiridwe ku Temple University mu mzinda wa Philadelphia. Anthu odzipereka anamuwerengera mabuku ake pa matepi, iye namamvetsera usana ndi usiku, natsiriza m'chaka cha 1976. Wachitatu ndi Tim Cordes. Ameneyu anaphunzira ku Notre Dame, yunivesite ya Akatolika, ndipo ndiye anasankhidwa kulankhula m'malo mwa anzake onse pa tsiku lotsiriza maphunziro m'chaka cha 1998; koma ngakhale iyeyu masukulu angapo a udotolo anamubweza. Sukulu ya ku Madison, m'chigawo cha Wisconsin, inamulandira, nimukonzera zithunzi za mizere yotukuka zoti azikhudza ndi zala, kompyuta yowerenga mokweza, ndi anthu omufotokozera zimene diso liona. Analandira udotolo wake m'chaka cha 2005.

Zindikirani kuti Hartman ndi Cordes onse awiri anasankha kuchiza matenda a maganizo, ntchito ya kumvetsera ndi kufunsa. Palibe mwa atatuwa amene anati, ndipatseni mpeni nding'ambe munthu. Udotolo uli ndi nthambi zambiri monga mtengo wa mkuyu, ndipo amene sangakwere nthambi imodzi akhoza kukhala bwino pa inzake.

Masiku a Bolotin, ngakhalenso pamene Hartman anali kupempha malo, wophunzira wotere anadalira chifundo cha aphunzitsi basi. Akamukomera mtima, mwayi wake, akamukana, analibe kodandaula. Zinthu zinayamba kusintha m'chaka cha 1973, pamene boma la America linalamula kuti sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma isapatule munthu chifukwa cha ulumali. Ndipo m'chaka cha 1990 panabwera lamulo lalikulu koposa, lofika ngakhale kwa okonza mayeso. Ku Britain lamulo la mtundu womwewo ndi la chaka cha 2010. Kuyambira pamenepo chithandizo chimene chinali mphatso chinasanduka mangawa a sukulu.

Tsono tifike pa mayeso, pakuti apa ndi pamene pagona mkangano.

Wophunzira udotolo ku America, kuwonjezera pa mayeso a pasukulu pake, alemba mayeso a dziko lonse asanaloledwe kugwira odwala payekha. Gawo loyamba la mayesowo ndi la tsiku lathunthu, maola 8 pa kompyuta, mafunso oposa 200, lililonse ndi kankhani kake ka wodwala koti awerenge msangamsanga. Amene ali ndi ulumali akhoza kupempha nthawi yowonjezera, theka lina pamwamba kapena kawiri, kotero kuti mayeso a tsiku limodzi alembedwa masiku awiri. Akhoza kupempha chipinda cha yekha, zilembo zazikulu, kapena nthawi yopumula kuti amwe mankhwala. Mafunso sasinthidwa. Mzere wokhozera sutsitsidwa.

Ena adandaula kuti uku n'kukondera. Ine ndiona mwina, ndipo inu alimi mundimvetsa msanga. Mukapita nazo mtedza ku msika, wogula wachilungamo aika thumba pa sikelo, koma achotsapo kulemera kwa thumbalo, pakuti chimene agula ndi mtedza, si chiguduli. Mayeso a udotolo afuna kupima ngati mwana adziwa kumene malungo achokera ndi mankhwala ake. Safuna kupima liwiro la maso ake. Chala chiwerenga pang'onopang'ono kuposa diso, ndipo khutu lomvera makina silingalumphe mizere monga lichitira diso. Ukampatsa wosaona nthawi yofanana ndi ya woona, wapima thumba pamodzi ndi mtedza, ndipo sikelo yako yanama.

Ulumali wina suoneka ndi maso. Alipo ana anzeru, okumbukira zonse zimene amva, koma zilembo ziwavuta kuyambira ubwana, nawerenga movutika ngati munthu woyenda m'matope. Vuto limeneli madotolo alitcha dyslexia. Angati a iwo anakwapulidwa m'masukulu athu ndi kutchedwa mbuli! Wophunzira wina wa udotolo wa ku Yale, wa vuto lomweli, anapempha nthawi yowonjezera, bungwe la mayeso nilimukana. Boma linalowererapo, ndipo m'chaka cha 2011 bungwelo linavomera kumpatsa nthawi yowirikiza kawiri ndi chipinda chake, nilivomeranso kuti lizisamala makalata a madotolo ndi mbiri ya chithandizo chimene wophunzira analandira kale. Powerengera ophunzira udotolo a ku America m'chaka cha 2016, anapeza kuti 27 mwa 1,000 aliwonse anaulula ulumali. Pofika 2019 anali 46 mwa 1,000, ndipo ambiri mwa iwo anali a ulumali wobisikawu. Ine ndiyesa kuti si kuti odwala anachuluka m'zaka zitatu, koma kuti manyazi anachepa.

Koma pali funso lina lolemera, limene sitiyenera kulilambalala. Wina anena: mayi wotaya magazi pobereka sadzampatsa dotolo nthawi yowirikiza kawiri. Zoonadi, sadzampatsa. Chifukwa chake masukulu asiyanitsa mayeso a pa pepala ndi ntchito ya pa bedi la wodwala, ndipo lamulo silikakamiza sukulu kuchotsa chinthu chimene chili mtima wa ntchitoyo. M'chaka cha 1979 bwalo lalikulu la milandu la America linaweruza mlandu wa mayi wina wosamva bwino amene anakanidwa ku sukulu ya unamwino. Oweruza anati sukuluyo sinalakwe, popeza mayiyo anadalira kuwerenga milomo, ndipo m'chipinda cha opaleshoni milomo ya onse ikhala yophimbidwa ndi nsalu. Moyo wa wodwala ndiwo uyamba, ndipo pamenepo sindikangana nawo. Chokhacho n'chakuti malire a chotheka sakhala pamodzi. Lero zilipo zophimba pakamwa zoonekera mkati; zilipo zomvera kugunda kwa mtima zokweza mawu, ndi zina zojambula kugundako kuti diso lione; ilipo mipando ya matayala yoimiritsa mwini wake kuti afike pa tebulo la opaleshoni. Chimene chinali chosatheka m'chaka cha 1979 chiyenera kufunsidwanso lero, munthu ndi munthu, osati kukana onse ndi mawu amodzi.

Nkhani yotsatirayi ndiilemba ndi mtima wolemera, pakuti ikhudza a m'nyumba mwathu. Ku Omaha, m'chigawo cha Nebraska, kuli Creighton University, sukulu ya ansembe a chipani cha Ajezuiti. M'chaka cha 2009 inalandira mnyamata wosamva, Michael Argenyi, kuti aphunzire udotolo. Iye anapempha zinthu ziwiri makamaka: munthu wolemba msanga mawu a mphunzitsi kuti azioneka pa kompyuta nthawi yomweyo, ndi womasulira. Sukulu inampatsa zina zochepa, monga makina okweza mawu ndi mpando wa kutsogolo, zimene iye anati sizimukwanira. Pofuna kuti asatsalire, anakongola madola oposa 100,000 m'zaka ziwiri kulipira yekha chithandizocho; atatopa anaimitsa maphunziro. Mlandu unayenda zaka zinayi. M'chaka cha 2013 anthu osankhidwa kuweruza anapeza kuti sukulu inamumana chithandizo choyenera, ngakhale sanaipeze ndi mlandu wochita dala, chifukwa chake ndalama zakezo sanalamule kuti abwezeredwe. Koma woweruza analamula kuti akabwerera, sukulu impatse womulembera mawu ndi womasulira.

Sindinena kuti akulu a sukuluyo anali anthu oipa mtima. Mwina anaopa mtengo wake, mwina anaganiza moona kuti dotolo ayenera kulankhula ndi wodwala popanda wachitatu. Koma ife Akatolika tili ndi mbiri yotiweruza. Amene anatsegula sukulu yaulere ya ana osamva mu mzinda wa Paris m'zaka za m'ma 1760, nawaphunzitsa ndi zizindikiro za manja, anali wansembe, Bambo Charles-Michel de l'Épée. Louis Braille, amene analasidwa diso ali ndi zaka 3 nasiya kuona, napanga zilembo za timadontho 6 ali mnyamata wa zaka 15, anali Mkatolika woimba limba m'matchalitchi a mzinda womwewo. Ana a nyumba yotere sayenera kudikira kuti bwalo la milandu liwakumbutse.

Palinso chopinga china chimene malamulo sanachichotse. Chithandizo sichibwera chokha. Wophunzira ayenera kuchipempha, ndi kusonyeza makalata a akatswiri otsimikiza vuto lake, ndipo okonza mayeso atenga masabata ambiri asanayankhe. Kupimidwa ndi akatswiriwo kudya ndalama zambiri, kotero mwana wa wolemera afika ndi makalata ake a kuyambira ubwana, pamene mwana wa wosauka, wa vuto lomwelo, afika chimanjamanja. Ena abisa dala, poopa kuti anzawo ndi aphunzitsi adzawayesa ofooka, naulula atalephera kale mayeso, pamene kulepherako kwalembedwa ndipo sikufafanizika. Iwo oseka anzawo akumbukire mawu a makolo, kuti lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Madotolo ambiri alumala ali kale pa ntchito, ena pa ngozi ya galimoto, ena ndi matenda, ndipo chithandizo chimene anachinyoza ali anyamata ndicho chiwasunga pa ntchito.

Nanga ife kuno kwathu? Sukulu ya udotolo ya ku Blantyre inatsegulidwa m'chaka cha 1991, ndipo kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Dziko la Malawi linavomereza pangano la maiko onse la ufulu wa anthu aulumali m'chaka cha 2009, nilikhazikitsa lamulo lake m'chaka cha 2012, ndi lina latsopano m'chaka cha 2024. Eklezia nayenso sanagone: ku Nguludi kuli koleji ya Montfort yophunzitsa aphunzitsi a ana osaona ndi osamva, ndi sukulu ya osamva ya Maryview, ku Mua kulinso sukulu ya osamva. Komatu mwana safika ku Blantyre podumpha. Njira iyamba pa khonde la nyumba yanu.

Chifukwa chake, inu makolo, mwana wotere musamubise kuseri kwa nkhokwe alendo akabwera, ndipo musamusiye kulinda mbuzi anzake akupita ku sukulu. Pitani naye ku chipatala akamupime maso kapena makutu adakali wamng'ono, ndipo kalata imene adzakupatseni muisunge pamodzi ndi khadi la ubatizo, pakuti idzafunika zaka zambiri m'tsogolo. Akafika ku sekondale, musavomere msanga kuti amuchotse ku masamu ndi ku maphunziro a sayansi ati pomupeputsira katundu, popeza wopanda maphunziro amenewo sukulu ya udotolo singamulandire, ngakhale akhoze bwanji zina zonse. Bungwe la mayeso la MANEB likonza mapepala a zilembo za Braille ndi a zilembo zazikulu, koma liwakonzera ana okhawo amene lauzidwa za iwo. Tsono pitani nokha kwa mphunzitsi wamkulu pa nthawi yolembetsa maina a mayeso, kalata ya ku chipatala ili m'manja, ndipo muone ndi maso anu kuti vuto la mwanayo lalembedwa pambali pa dzina lake.